Pakhomo Potsetsereka pa aLevulo

Nyumba ya aTelala inali pamalo otsetsereka moti mwana akagwetsa mpira pakhonde ankakautola kumsewu waukulu kumusi. Anamanga pamenepo chifukwa ndi pomwe anthu ena onse anapakana. Amuna awo, mmisiri womanga nyumba, anaima pakati pa malowo tsiku loyamba, anatsinzina diso limodzi n'kunena kuti izi n'zazing'ono, asalaza okha chilimwe chikubwerachi kenako amanga mpanda. Zilimwe zoposa makumi atatu zinadutsa. Bamboyo anamangira anthu mipanda mbali yonseyo, yowongoka ngati yojambula ndi rula, koma pakhomo pake mbuzi za eni zinkalowa ndi kutuluka ngati pamsika. ATelala anawakumbutsa kuti zengerezu analinda kwawukwawu mpaka pakamwa panatopa, kenako anangosiya.

Anthu ankawatchula bambowo kuti aLevulo chifukwa chida chawo choyezera chija, chachitali chokhala ndi kadontho pakati, sichinkachoka m'khwapa mwawo. Tisanamizane, anali munthu wovuta. Akalowa m'nyumba ya eni, moni asanapereke, maso anali kale pa fulemu ya chitseko. Khoma lopendekeka ankaligwetsa ndi phazi mwini wake akuona, ndipo ophunzira awo ambiri anathawa mwezi usanathe. Koma munthu yemweyo akaweruka ankasamba, n'kukhala pambali pa makina a akazi awo kumawalowetsera ulusi pa singano, chifukwa maso a aTelala ankatopa msanga. Mayiwo ankasoka yunifolomu za ana a sukulu pakhonde, malaya oyera ndi makabudula a khaki, ndipo ana awo anayi anakula akumva phokoso la makinawo kuposa mawu a wailesi.

Mutu wa aLevulo sunasokonekere tsiku limodzi. Anayamba ndi kuiwala pamene asiya chipewa, kenako mayina a zidzukulu, kenako njira yochokera kuchimbudzi. Kuchipatala anati ndi matenda a ukalamba oiwalitsa, ndipo mankhwala ochiza palibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti thupi linakana kukalamba limodzi ndi mutu. Mikono inali yomweyo yonyamula matumba a simenti, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka, kutenga levulo yawo, n'kuyamba kutsetsereka kuti akupita ku ntchito. ATelala ankasoka diso limodzi lili pa singano, lina pa amuna awo. Posamba ankasiya chitseko chotsegula. Tsiku lililonse ankawauza kuti ndine mkazi wanu, bambo, ndipo bambowo ankavomera mwaulemu ngati akuuzidwa za nyengo.

Lachiwiri lina mayiwo analowa m'nyumba kukatenga ulusi wabuluu. Ulusi basi. Potuluka anapeza mpando uli wokha. Anathamanga, patapata mmodzi anatsala panjira, ndipo asanafike kumusi anamva mabuleki akulira, kulira kotalika kuja kumene kumaumitsa malovu mkamwa. Anapeza lole ya mchenga itaima chopingasa, dalaivala akutukwana. ALevulo anali atagwada pakati pa msewu, levulo ili pa phula, akupukusa mutu kuti amene anapanga msewu umenewu ndi mbuli. Anthu anaseka, ena anatulutsa mafoni. ATelala anawagwira dzanja n'kukwera nawo mtunda.

Mwana wawo wachisamba, yemwe amagwira ntchito muofesi kutsidya kwa tawuni, anafika masana omwewo chifukwa zithunzi zinamupeza pafoni. Si munthu woipa ayi, koma ndi mtundu wa ana amene akachita mantha amalankhula ngati akuwerenga chikalata. Anati aka n'kachitatu, ndipo kachinayi tidzatola mtembo. Anati wakonza kale chipinda kuseri kwa nyumba yake, chija ankasungiramo matayala akale, ndipo bambo akakhala mmenemo motetezeka iye ndi mkazi wake akapita ku ntchito. ATelala ankachidziwa chipindacho. Zenera lake linali m'mwamba, lazitsulo, ndipo likakuonetsa kanthu ndiye khoma la aneba. Munthu amene moyo wake wonse wakhala padzuwa akanafa mmenemo mwezi usanathe, ndipo akanafa akugogoda chitseko. Anamupempha mwanayo, anamukalipira, anamukumbutsa amene anamumangira nyumba yomwe akunyadirayo, koma sizinathandize.

"Tsiku lomaliza la mwezi uno ndibwera ndi galimoto," anatero. "Ndikapeza mpanda woti bambo sangatuluke, atsala. Ndikapanda kuupeza, musadzandilirire, amayi."

Anatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Malata akale analipo, omwe anatsitsa padenga chaka chimene anafolera mwatsopano, ndipo mapolo sanavute kupeza. ATelala anaitana aChipewa, mmodzi mwa ophunzira ochepa amene anapirira ukali wa aLevulo mpaka kukhala mmisiri pawokha. Tsopano nawonso anali ndi imvi, ngakhale palibe anaziona bwino chifukwa chipewacho sankavula ngakhale podya. Anazungulira malowo ndi chingwe, anakhoma chikhomo kumtunda, anakaima kumusi, ndipo chingwe chitawongoka chinawafika pachifuwa. Anaimba mluzu wapansipansi.

Anati ntchito yeniyeni ndi kusalaza kaye mzere umene mpanda udutse: kugumula kumtunda, kuthira kumusi, kutsendera dothi, ndi kuikira miyala kuti mvula isakokolole. Koma zimenezo ndi masabata atatu, komanso iwo anali ndi nyumba ya eni yoti aifolere mvula isanayambe. Akafuna zachangu, mpanda ungotsatira mtunda mmene ulili, mitanda yokhomerapo malata n'kumatsetsereka limodzi ndi nthaka. Sukhala wokongola, koma pansi sipatsala mpata, ndipo m'masiku atatu watha. ATelala anafunsa kuti akanakhala iwo akanatani. AChipewa anakanda pansi pa chipewa n'kunena kuti madala akanakhala bwino akanawathamangitsa ndi fosholo pongotchula njira yachiwiriyo. Mayiwo anayankha kuti madala sali bwino, kukongola sakudya, ndipo masabata atatu alibe.

Masiku atatu amenewo anawasunga amuna awo m'nyumba, makatani atatseka, wailesi ili pamwamba kuti isamveke hamala. Lachisanu madzulo mpanda unatha, geti ndi lomwe linangotsala lomangirira ndi waya. Unali wopendekeka ndithu, ngati munthu woledzera akutsika phiri, koma unali mpanda. Loweruka m'mawa aTelala anawatulutsa amuna awo panja, anawaika pampando, n'kupita kukasamba. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anatseka chitseko cha bafa, anadzipaka sopo mpaka kumutu, ndipo anayamba kung'ung'udza kanyimbo.

Sopo ali m'maso anamva lata likugwa, kenako lina. Anatuluka atangodzikulunga nsalu ndipo anapeza aLevulo ali ndi chitsulo chozulira misomali, akugwira ntchito mwadongosolo ngati munthu wolembedwa. Ankaika levulo pa mtanda, kuyang'ana kadontho, kufwenthera pambali, kenako kuzula. Simenti ya m'maenje inali isanagwire, choncho mapolo ankangozuka ngati chinangwa cha m'dambo. Mayiwo anawagwira mkono, koma anakankhidwa mpaka kukhala pansi. M'zaka zonse za ukwati wawo bambowo anali asanawakankhepo. Sanawazindikire n'komwe, anangoti achoke pali ntchito, mtanda wopendekeka iwo sagona nawo. Pofika masana mbali ziwiri zotsetserekazo zinali pansi, malata atasanjidwa bwinobwino ndipo misomali atayiwongola n'kuika m'chitini.

Abale, kuthamanga sikufika. ATelala anakhala pakhonde, misozi ikutsika. Anadziwa kuti kulakwa n'kwawo. Anakhala ndi munthu ameneyu zaka zonsezi, anamuona akugwetsa makoma a anthu olemera, ndiye anaganiza kuti matenda amene anamulanda dzina la mkazi wake amulandanso diso?

Lamulungu anachita chinthu chimene sanauzepo ana awo mpaka lero. Yunifolomu zinali zitaunjikana, ndipo sakanatha kusoka uku akuthamangitsa munthu. Anang'amba mzere wautali wa khaki, anamanga mbali ina m'chiuno mwa amuna awo, ina ku mwendo wa makina. ALevulo sanalimbane nawo. Anayang'ana mfundoyo nthawi yaitali, anaigwiragwira, kenako anakweza maso.

"Pepani mayi, kodi ndalakwa chiyani?"

ATelala anadula nsaluyo ndi sizasi, anabisa nkhope m'mulu wa makabudula, n'kulira mokweza ngati pamaliro. Amuna awo anawasisita paphewa n'kuwauza kuti zitha, asadandaule.

AChipewa atabwera Lolemba anaima pamene panali mpanda n'kuvula chipewa. Anati iwo ndiye chitsiru, chifukwa anamenyedwapo khofi ndi madala omwewa pa nkhani ya mtanda. Anatchula njira ina, yomanga mpanda ngati masitepe, chigawo chilichonse chowongoka pachokha. Diso la madala lingavomere, koma pansi pa chigawo chilichonse patsala mpata wofika m'bondo, ndipo munthu amene wakwawa m'maziko a nyumba moyo wake wonse sangauone kawiri. Kutseka ndi miyala n'kungomupatsa ntchito yochotsa. Ndiye kwatsala kusalaza basi, masabata atatu, pamene masiku otsala anali khumi ndi awiri. ATelala anawerenga pa zala, anabwerezanso, ngati zala zingasinthe maganizo.

Mayiwo ali mkati mowerenga, aLevulo anabwera kuchokera kuseri, levulo m'khwapa, n'kuima patsogolo pa akazi awo mwaulemu wa munthu wofuna ntchito.

"Mayi, nyumba ino ndi yanu?"

Mawu a tsiku ndi tsiku aja, akuti ndine mkazi wanu, anafika pamilomo. Mayiwo anawameza. Zinawawa ngati kumeza fupa.

"Ndi yanga, bambo mmisiri."

ALevulo anati ndiye anakumana ndi akuba, chifukwa amene anawamangira zonyansa zija sayenera kugwira hamala. Anafotokoza kuti malo ngati awa sayambira mpanda, amayambira dothi. Analoza pogumula, pothira, ndi podutsa madzi a mvula, mawu ali mbee, opanda kudodoma, mawu amene aTelala anali asanawamve zaka ziwiri. Anati akawapezera piki, wilibala ndi munthu mmodzi wosachita ulesi, ayamba mawa. Mayiwo anayang'ana aChipewa. AChipewa anati sakudziwa, mwina madala aiwala pofika mawa, mwina agwa ndi piki m'manja, komanso ngakhale zitayenda masiku sakwana. Koma analonjeza kuti azibwera akaweruka kudzaimika mapolo pamene pasalala. ATelala anaona kuti njira zina zonse zikuthera ku chipinda cha matayala chija, ndipo anati asalaza.

Munthu mmodzi wosachita ulesi uja anali iwo omwe, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amene katundu wolemera kwambiri amene anazolowera anali mpukutu wa nsalu. M'mawa uliwonse aLevulo akatenga levulo kuti azitsetsereka, mayiwo ankawatsekereza pakhomo n'kunena kuti bambo mmisiri mwafika, ntchito ija ndi iyi. Bambowo ankayang'ana zikhomo ndi chingwe, n'kuzindikira dzanja lawo, n'kuvula malaya. Ankagumula ndi piki, aTelala n'kumapakira ndi fosholo ndi kukankha wilibala. Kutsika nayo inkawakoka, kukwera nayo inkawakana. Kawiri konse inawagwetsa, ndipo kachiwiriko anasupuka bondo. Amuna awo sanawamvere chisoni, anangowakalipira kuti dothi lathiridwa polakwika, ndipo anafunsa ngati kwawo kulibe amuna oti n'kutuma.

Pofika tsiku lachinayi manja anali matuza okhaokha, ndipo singano sankatha kuigwira. Makolo a ana a sukulu anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo kupita nazo kwa telala wina. Ena anapepesa, ena anangonyamula. ATelala sanakangane ndi aliyense. Makasitomala amene anawasonkhanitsa kwa zaka makumi atatu anabalalika m'sabata imodzi, ndipo iwo anangowayang'ana akutsika, fosholo ili m'manja. Chimodzi chokha chinkawalimbitsa: m'masiku onsewo aLevulo sanayang'aneko kumsewu ngakhale kamodzi. Ankadya bwino, ankagona ngati mwala, ndipo tsiku lina anaimba mluzu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu mvula yoyamba inagwa, yosaitanidwa, ya mphindi makumi anayi zokha. Dothi limene anathira pangodya ya kumusi kwa masiku atatu linatsetsereka lonse n'kukafiiritsa msewu. ATelala anakhala pansi m'matope momwemo. Sanalire, misozi inali itatha. Anangouza Mulungu mokweza kuti ngati akufuna kumutenga munthuyu amutenge pano pakhomo, osati kukamufetsa ku matayala. ALevulo anaima pamwamba pawo n'kufunsa kuti ndani anawauza kuthira dothi miyala isanaikidwe. Anawadzutsa ndi dzanja limodzi, n'kuwatuma kukatuta miyala kuseri kwa nyumba, ndipo iwo anapita akutsimphina.

Kakhoma ka miyala kamene bambowo anaika pangodyapo, kopanda simenti n'komwe, aChipewa atakaona madzulo anakazungulira kawiri. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuweruka msanga ku nyumba ya eni ija. Ankakumba maenje ndi kuimika mapolo, madala ali pambuyo ndi levulo. Mapolo awiri anawazulitsa, ndipo aChipewa, bambo wa zidzukulu, anangoti chabwino abwana ngati kale. Wachisamba ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa ngati mpanda watha. Amayi ake ankayankha kuti uli pafupi, n'kudula foni asanafunse zambiri.

Tsiku lomaliza la mwezi galimoto inafika cha m'ma twelofu. Kunatsala malata anayi ndi geti. Wachisamba anatsika atavala malaya oyera, anayang'ana mpata wotsalawo, anayang'ana amayi ake ali matope mpaka m'mawondo, manja atakulunga m'tinsanza ta khaki, ndipo anatsegula pakamwa kuti anene zimene anabwerera. ATelala mtima unali m'mwamba.  Koma aLevulo ndiwo anayamba, ali pamwamba pa ndowa ndi msomali pakamwa. Anamuuza wovala zoyerayo kuti ngati wabwera kudzaonerera walakwitsa malo, agwire lata ili msanga. Mwanayo anaima kanthawi, makiyi ali m'manja, kenako anawaika m'thumba n'kugwira lata. Bambo ake anamukalipira kuti akugwira ngati munthu woopa kuda, ndipo iye anagwiritsa.

Cha m'ma folo geti linalowa m'malo mwake. Mpanda unaima wowongoka kuzungulira nyumba yonse, pamwamba pake mzere umodzi, pansi pake popanda podutsa ngakhale nkhuku. Wachisamba anauzungulira, anagwedeza polo lililonse, anagwada n'kusuzumira pansi. Sananene kuti wakhutira, si munthu wonena zotero. Anapita ku galimoto n'kubwera ndi loko watsopano, ali m'pepala lake, amene anagulira chipinda chija, ndipo anaupereka kwa amayi ake ndi manja awiri. Atatsanzika, aChipewa nawonso ananyamula zida zawo n'kutsika. ATelala anatseka geti, anakhoma loko, n'kumanga kiyi pansonga ya nsalu. Anatsamira malatawo n'kupuma mpweya wautali. Amuna awo atsala.

Atatembenuka anapeza aLevulo atasamba m'manja ndi kumaso pampopi, atavala malaya n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Piki ndi fosholo anali atazitsuka n'kuziimika pakhoma. Anabwera pageti akumwetulira ngati munthu wokhutira ndi tsiku lake, anakankha, n'kuona kuti n'lokhoma.

"Mayi, ntchito yanu ija yatha. Nditsegulireni ndizipita kwathu, akazi anga akundidikira."

ATelala anagwira pansonga ya nsalu pamene panali kiyi.  Anafuna kukuwa kuti ndine pano, ndine amene ndakankha wilibala masiku khumi ndi awiri chifukwa cha inu. Koma anadziwa kuti akatero bambowo angovomera mwaulemu, kenako akankhanso geti.

"Akazi anu atumiza uthenga, bambo mmisiri. Akuti muwadikire pompano, akubwera kudzakutengani."

ALevulo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mkazi ameneyo sanama, koma kuchedwa ndiye kwake. Anatembenuza ndowa, anaiika pafupi ndi geti, n'kukhalapo manja ali pamawondo, khutu atalitchera kumsewu. Aliyense akamadutsa kunja ankadzuka pang'ono, mapazi akapitirira ankakhalanso. ATelala anakatenga mpando wawo wosokera, anauika pambali pa ndowayo, ndipo anakhala pansi kuti adikire nawo.